Mpeni Wosasamba wa ku Zilibwino

Mukadzasochera kuseri kwa mapiri n'kupeza dziko limene anthu ake amayankha kuti "zili bwino" musanawafunse n'komwe, dziwani kuti mwafika. Dzikolo ndi Zilibwino, likulu lake ndi Indebwana, ndipo pa nthawi ya nkhani ino pampando panali Mfumu Salakwa Wachisanu ndi Chinayi. Asanu ndi atatu oyamba aja nawonso sanalakwepo, choncho musadabwe kuti dzikolo linafika pamene linafikapo.

Chuma cha ku Zilibwino chinali maapozi, komanso mapeyala aja a kumapiri, amadzimadzi, osati onona aja opaka pa buledi. Koma pamwamba pa maapozi, pamwamba pa alimi ake, pamwamba pa nzeru zimene, panali mpeni. Unali mpeni wodulira nthambi, wopindika kunsonga, dzina lake Sasamba. Chiusulire sunakhudzepo madzi. Utomoni wa mitengo ya mafumu asanu ndi anayi unakanirira pamenepo mpaka chitsulo chinaleka kuoneka, kungoti bii ngati kunsi kwa mphika, ndipo litsiro limenelo ankalitchula kuti thukuta la makolo. Chaka chilichonse maluwa akayamba kutuluka, mfumu inkatenga Sasamba n'kudula kanthambi kamodzi pa mtengo uliwonse wa m'munda wa ufumu, ati kuti zipatso zidziwe mwini wake.

Wosamalira munda umenewo anali mayi wina, Dorika Nangozo, wamasiye wa zaka makumi asanu ndi mphambu, wa manja okhakhala ngati khungwa. Zaka makumi awiri ndi zitatu anakhala akumezanitsa ndi kudulira mitengo ya mfumu, ndipo chilema chake chinali chimodzi: akaona chinthu ankanena chimene waonacho. Ku Zilibwino nthenda imeneyo amaichiza munthu akadali mwana, koma iyeyu anaphonya katemera.

Kwawo, pa phiri la Chifunga, Dorika anali ndi kamunda kakekake ka mitengo ya maapozi makumi atatu ndi umodzi. Umodziwo ndiwo unali mtima wake. Malemu mwamuna wake, Lefani, anabwera nawo uli kambande m'chitini, atamangirira pa kaliyala wa njinga, chaka chimene anakwatirana. Makumi atatu enawo onse anaimezanitsa kuchokera ku nthambi za umenewo, n'chifukwa chake ankautchula kuti Nakubala. Ana a m'mimba Dorika analibe. Ana ake anali mitengoyo.

Tsono chaka chimenecho, patangopita masabata awiri mfumu itadula tinthambi take, munda wa ufumu unapsa popanda moto. Maluwa anafota n'kuda. Masamba anasanduka bii koma osathothoka, ali lende pa nthambi ngati wina wawawaula ndi muuni wa udzu. Nsonga za nthambi zinapindika ngati ndodo za nkhalamba, ndipo pa khungwa pankatuluka timadontho tomata, tofiirira ngati uchi.

Mfumu inaitanitsa bwalo. Dorika anamuitananso, osati kuti amve maganizo ake, ayi, koma kuti pakhale wina wonyamula nthambi yakudayo nduna zikamailoza. Oyamba kuimirira anali a Zimitsani, Nduna ya Moto ndi Utsi, amene anakhala zaka khumi ndi chimodzi pa mpando osaonapo moto woti n'kuulankhulira pa bwalo.

"Mwinidziko," anatero a Zimitsani, "nkhani iyi ndi yapoyera. Chakuda ndi chopsa. Chopsa chapsa ndi moto. Moto suyaka wokha. Adani akutentha munda wanu."

"Nanga phulusa lili kuti?" inafunsa mfumu.

"Kuopsa kwake ndi komweko, Mwinidziko. Adani a masiku ano amachoka nalo phulusa."

Bwalo linaomba m'manja kwa nthawi yoti munthu n'kusenda chinangwa dengu lonse. M'manja mutatopa, mfumu inatembenukira kwa Dorika.

"Iwe mayi, unaona ndani akuyatsa?"

Apa munthu woleredwa bwino akanati anaona chithunzithunzi cha munthu wamtali chikuthawira kumadzulo. Dorika anagwada, nthambi ili m'manja.

"Mwinidziko, si moto uwu. Ndi matenda. Kali kachilombo, ophunzira amati bakiteriya, kochepa koti diso silingakaone. Kamakhala m'timadontho iti. Kamalowera pa duwa kapena pa bala la mtengo, n'kumatsika pansi pa khungwa mpaka mtengo kuuma. Kamayenda ndi njuchi, kamayenda ndi madzi akamathovukira pa masamba, kamayendanso ndi mpeni. Mankhwala ake ndi atatu: kudula nthambi yodwala mkono wathunthu kunsi kwa pamene padera, kutentha zodulazo, ndi kuviika mpeni m'kachasu waukali usanakhudze mtengo wina."

"Mpeni uti?" anafunsa a Mwayenera, Nduna ya Miyambo, amene ankasunga Sasamba m'kabokosi ndi kugona atakatsamira.

"Uliwonse, bambo."

"Uliwonse?"

"Ngakhale wosasamba."

Nduna ina inakomoka, itayamba yayang'ana pamene panali mkeka. A Mwayenera anaimirira n'kufunsa ngati kachilombo kangalowe bwanji m'dziko la malamulo popanda chiphaso. Anafunsanso ngati kanthu kopanda bambo, kopanda mfunda, kangakwere pa thukuta la mafumu asanu ndi anayi osachita manyazi. Mfumu inatenga nthambi ija, inaiyang'ana uku ndi uku, n'kulengeza kuti siikuona kachilombo kalikonse, ndipo chimene mfumu siichiona kulibe.

Malamulo anatuluka tsiku lomwelo. Machesi analetsedwa m'dziko lonse. Anagula magalimoto ozimitsa moto khumi ndi awiri kuti azipopera madzi pa mitengo m'mawa ndi masana. Timadontho tija anatilengeza kuti ndi misozi imene mitengo ikulirira mfumu yake, ndipo a Mwayenera analamulidwa kumatiwolera m'nsupa kuti chikondi chisatayike. Bwalo linamuthokoza kwambiri Dorika chifukwa cha zaka makumi awiri ndi zitatu, n'kumusonyeza chipata. Potuluka anapeza galimoto yoyamba yayamba kale kupopera, madzi akuchoka pa mtengo wodwala n'kumathovukira pa wabwino, ndipo zinamupweteka kuposa kuchotsedwa ntchito. Koma nanga akanauza yani? Paja wamisala anaona nkhondo.

Njira ya ku Chifunga imadutsa pa msika wa Tingoona. Pamenepo, pansi pa chisakasa cha malata, pankakhala a Zakeyu, mng'ono wake wa malemu Lefani, amene ankanola mipeni pa njinga yogadamiza. Pambali pawo pankakhala Nachisale, mayi wotcheza kachasu, amene poyera ankagulitsa tomato.

"Ndamva mwapuma, mlamu," anatero a Zakeyu osaleka kupalasa.

"Andipumitsa."

"Mwalakwa chiyani?"

"Ndanena kuti mpeni uzisamba."

A Zakeyu analeka kupalasa. "Ine ndanola mipeni zaka makumi atatu, sindinaonepo wofa ndi madzi. Koma zimenezo ndimauza njinga yokhayi, mlamu. Njinga ilibe m'bale ku Indebwana."

"Ndipatseni botolo, Nachisale," anatero Dorika. "La mutu, laukali lija."

Nachisale anapisa pansi pa tomato. Kuyambira tsiku limenelo mbiri inawanda yoti Nangozo wayamba kumwa chifukwa cha chisoni. Iye sanatsutse. Kunali kwabwino kutchuka uchidakwa kusiyana ndi kudziwika kuti amatsuka mipeni yake pa mtengo uliwonse.

Machesi atasowa, anthu anabwerera ku nzeru zakale zopalana moto pa phale, nyumba ndi nyumba. Nyumba ziwiri zinapsadi mpaka phulusa, koma a Zimitsani anati magalimoto sangapiteko chifukwa ali kalikiliki ndi moto wa boma. M'munda wa ufumu mitengo inapitiriza kuda, yopoperedwa kwambiri ndiyo inkatsogola. Bwalo linakhalanso, n'kugwirizana kuti vuto n'lakuti madalitso a Sasamba akungothera m'munda umodzi. Mfumu inanyamuka ulendo wodalitsa minda yonse ya m'dziko, mtengo ndi mtengo.

Inayambira kwa Tavomera. Patapita masabata awiri, kwa Tavomera kunada. Inapita kwa Sitidandaula, nakonso kunada. Kwa Mwatidalitsa anthu anabisa mitengo inayi poimangira mpanda n'kunena kuti ndi bafa, ndipo inayi yokhayo ndiyo inapulumuka. Wayilesi ya ufumu inafotokoza kuti adani akutsata mfumu pambuyo chifukwa cha nsanje.

"Moto waulemu uwu," anatero a Zakeyu tsiku lina Dorika atabwera kudzatenga botolo lina. "Sutsogola mfumu. Umadikira idutse kaye."

"Ine chondizunguza n'chakuti ukauthira madzi ndiye ukukondwa," anatero Nachisale. "Kapena anaubatiza."

"Tsitsani mawu, amayi," anatero a Zakeyu. "Tomato ali ndi makutu."

Dorika sanaseke. Ankawerenga midzi m'mutu, ndipo pakati pa mpeni ndi phiri la Chifunga panatsala midzi iwiri yokha.

Kalata inafika Lolemba, ili ndi chidindo chachikulu kuposa mawu ake. Inati Mwinidziko, mwa chifundo chake chosaneneka, wakhululukira Dorika Nangozo mwano wake uja. Inatinso poona kuti munda wake ndi wokhawo wotsala wobiriwira kuchigawo chimenecho, mfumu idzabwera Lachisanu kudzauteteza ndi Sasamba, mitengo yonse makumi atatu ndi umodzi. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma Dorika sanakondwe n'komwe. Anakhala pansi pa Nakubala kalata ili pa miyendo. Kukana madalitso ku Zilibwino ndi mlandu woukira boma. Kubisa mitengo makumi atatu ndi umodzi m'bafa kunali kosatheka.

Lachitatu anatsikira kumsika, n'kunong'oneza Nachisale kuti akufuna mtsuko wathunthu wa mutu wokhawokha, wosathira kanthu.

"Mtsuko? Mwafika pamenepo, Nangozo?"

"Ndili ndi alendo asanu ndi atatu, onse akufa."

"Akufa ndiwo amamwa bwino," anatero Nachisale. "Sasanza."

Lachisanu phiri la Chifunga linaona zimene silinaonepo. Kunabwera gulu la malipenga, amayi ovina atavala zitenje zojambula mpeni, magalimoto ozimitsa moto asanu ndi limodzi, ndi mfumu itakhala pa mpando wonyamulidwa ndi amuna anayi poti msewu unathera kunsi. A Mwayenera anatsegula kabokosi. Sasamba unatuluka uli nyatanyata ndi utomoni wa minda yonse yakufa ija, ntchentche zikuulondola. Dorika anakwawa ndi mawondo mpaka pa mapazi a mfumu, akukankha mtsuko patsogolo pake.

"Mwinidziko, ndine wosayenera. Koma makolo anu asanu ndi atatu ali pa mpeni uwu ayenda dziko lonse m'fumbi, ndipo palibe wawapatsako kothira kukhosi. Kuno ku Chifunga mlendo sagwira ntchito asanamwe. Loleni amwe."

"Akufuna kuusambitsa," anatero a Mwayenera.

"Ndani asambitsa mlendo wake ndi mowa, bambo? Kwanu mumatero?"

Mfumu inanunkhiza mtsuko, maso n'kulengeza misozi. Inakumbukira kuti agogo ake, Salakwa Wachisanu ndi Chiwiri, ankaukonda kwambiri umenewu moti anamwalira ali pakati pa ntchito yomweyo. Inalanda mpeni kwa a Mwayenera n'kuumiza yokha mumtsuko mpaka chigwiriro.

Dorika anayamba kutamanda mafumuwo mmodzimmodzi, pang'onopang'ono, kuti mpeni ukhalitsemo. Salakwa Woyamba anamutamanda ndi ng'ombe zake zonse, iliyonse ndi dzina lake. Wachiwiri anamutamanda ndi akazi ake. Atafika pa Wachisanu anaiwala dala n'kuyambiranso pa Wachitatu. Kachasu mumtsuko anasanduka wakuda ngati madzi otsukira mapoto, ndipo mtima wa Dorika unayamba kukhala pansi. Anali atapambana.

Mfumu inatulutsa mpeni. Unali waliwali, woyera ngati wogula dzulo. Malipenga analeka. Amayi ovina anaima mwendo uli m'malere. Mfumu inayang'ana pa chitsulo n'kuona nkhope yake yokhayokha, yopanda kholo ngakhale limodzi kumbuyo kwake.

"Makolo apita kuti?" inafunsa ndi mawu aang'ono.

Koma nduna yabwino imadziwika pa tsiku ngati limeneli. A Mwayenera anapisa m'mkanjo n'kutulutsa nsupa ija.

"Sanapite, Mwinidziko. Angoledzera. Tiwadzutse ndi misozi ya mitengo yanu."

Anathira timadontho ta miyezi iwiri pa mpeni, n'kupaka ndi chala mbali zonse mpaka unayambanso kumata ndi kununkha monga kale. Malipenga anayambiranso. Zoona, mvula ikakuona litsiro sikata.

Mfumu inali itanjenjemera mokwanira tsiku limenelo, ndipo dzuwa linali pamutu. Inalengeza kuti siizungulira mitengo makumi atatu ndi umodzi. Idalitsa umodzi wokha, waukuluwo, koma mwa njira yoti mbadwo ndi mbadwo zidzakumbukire. Amuna anayi aja anatula mpando pa tsinde la Nakubala. Mfumu, ili chikhalire, inaloza thunthu pafupi ndi bondo lake.

"Mwinidziko, pa nthambi," anatero Dorika. "Ndapota nanu, dulani nthambi iliyonse imene mufuna. Dulani ziwiri."

"Nthambi imathyoka, mayi. Thunthu limakhala."

Inazika mpeni m'khungwa n'kutema mizere itatu yakuya, chizindikiro cha ufumu. A Mwayenera anakumbutsa anthu lamulo lakale loti pamene mfumu yadula, wina asadzadulepo. Amayi analuluta. Dorika anathokoza, poti ndi mmene amachitira ku Zilibwino munthu akakupondera mwana.

Alendo atangotsika phiri, Dorika anatsuka balalo ndi kachasu yense amene anatsala m'nyumba. Anatsukanso m'mawa mwake, ndi mkuja wake. Ankadziwa bwino lomwe kuti kachilombo kakalowa pansi pa khungwa sikatuluka ndi kupukuta, koma munthu amene akuyembekeza amaiwala dala zimene akudziwa. Masiku asanu ndi anayi bala linali louma. Tsiku lakhumi khungwa lozungulira mizere itatu ija linakwinyika n'kuda, ndipo pa mzere wapakati panali kadontho kamodzi kofiirira. Ntchentche inaterapo, inanyambita, n'kuulukira kumene mitengo makumi atatu ija inali mbuu ndi maluwa, poti kuphiri amachedwa kutuluka, njuchi zili piringupiringu.

Dorika anagwada. Anaika chigongono pa bala n'kutambasula mkono kulozetsa pansi, monga ankachitira pa nthambi zaka zonsezi. Zala zake zinakumba dothi. Panalibe poti n'kudula kuti mtengo utsale.

Anafika kwa a Zakeyu nkhwangwa ili pa phewa. A Zakeyu anayang'ana nkhwangwa, anayang'ana nkhope yake, n'kuyamba kupalasa osafunsa. Atanola theka anaima.

"Mlamu, mukudziwa kuti pali chizindikiro cha mfumu?"

"Ndikudziwa."

"Ndi mtengo wa achimwene."

"Ndikudziwanso zimenezo."

"Ndiye bwanji ndikadule ine? Ine ndende ikhoza kundinenepetsa."

"Anandipatsa ine m'manja uli m'chitini. Ndiugwetsa ndine."

Anaugwetsa dzuwa lili paliwombo. Asanayambe anaika chikhatho pa khungwa n'kunena motsitsa, "A Lefani, mundikhululukire. Ana ndi ambiri." Kenaka anatema. Mtengo wa zaka makumi atatu sugwa msanga, ndipo iye analira kuyambira nkhwangwa yoyamba mpaka yomaliza, kulira kwenikweni kwa pa maliro. Nakubala atagwa, anamudula zidutswa, anaunjika pa bwalo kutali ndi inzake, n'kukapala moto pa phale. Mtengo wauwisi umafuka kwambiri. Utsi unakwera chilili mpaka unaoneka ku Indebwana.

Magalimoto onse khumi ndi awiri anathamangira ku Chifunga malipenga akulira. Atafika, ozimitsa moto aja anangoima patali atagwira mapaipi, poti chiwalembere ntchito anali asanaonepo moto wotentha. A Zimitsani anatsika misozi ili mbwembwembwe ndi chimwemwe.

"Ndinanena ine," anatero, akugwira chanza aliyense. "Ndinanena kuti ndi moto."

Mlandu unazengedwa mkuja wake, bwalo litadzaza mpaka pa mpanda. Unali mlandu wokoma, wosavutitsa woweruza.

"Unatentha?" anafunsa a Zimitsani.

"Ndinatentha."

"Mitengo yonse ya m'dziko muno?"

"Umodzi. Wanga."

"Wotentha umodzi ndiye watentha yonse. Anthu awiri sangakhale ndi mtima woipa chimodzimodzi."

Panatsala chilango. A Zimitsani anapempha zaka ziwiri m'ndende, mfumu n'kuvomera koma n'kunena kuti n'zochepa kwa munthu wogwetsa chizindikiro cha ufumu. Nduna zinapikisana. Wina anati akwapulidwe, wina anati amumete mpala pa msika. A Mwayenera anadikira onse atope, kenaka anaimirira pang'onopang'ono.

"Mwinidziko, ndende imatha. Tsitsi limamera. Mayi uyu alangidwe pamene pamupwetekere. Munda wake usadzakhudzidwenso ndi Sasamba mpaka muyaya. Galimoto ya boma isadzaupopere madzi. Ukhale wamasiye, wopanda mdalitso."

Bwalo linabuula ndi kukula kwa chilangocho. Dorika anadzutsa mutu.

"Mitengo yonse makumi atatu, Mwinidziko?"

"Yonse."

"Ngakhale imene ndidzamezanitse kuchokera pamenepo?"

"Ndi zidzukulu zake zomwe," inatero mfumu. "Ndipo aliyense wotentha mtengo m'dziko langa alandira chomwechi."

Dorika anadziphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Nduna zinakhutira kuti chilango chalowa. Iye mwini sankadziwa ngati akuseka kapena akulira, poti zonse ziwiri zinkatulukira pa khomo limodzi. Kumpanda kuja a Zakeyu anakweza dzanja mwaulemu, chipewa chili pachifuwa.

"Mwinidziko, tisalakwitse ife osaphunzira. Chilango chimenechi ndi cha aliyense, ngakhale wosauka?"

"Aliyense."

"Ngakhale atangotentha nthambi zakuda zokha?"

"Ngakhale tsamba."

"Zikomo, Mwinidziko. Tamva."

M'mawa mwake anamukweza Dorika kumbuyo kwa lole ndi msilikali mmodzi, ulendo wa kundende. Msewu umadutsa pa Tingoona. Pa chisakasa cha a Zakeyu panali mzere wa anthu wofika kumigolo ya madzi, aliyense ndi nkhwangwa kapena chikwanje, ndipo a Zakeyu ankapalasa ngati akuthawa njovu. Pa benchi la Nachisale tomato anali mulu osagulidwa, koma pansi pake panali pululu. Nachisale anakweza botolo lopanda kanthu m'mwamba, Dorika n'kugwedeza mutu.

Lole itakwera chitunda, dziko lonse linaoneka. Kwa Tavomera kunali utsi. Kwa Sitidandaula kunali utsi pawiri. Kwa Mwatidalitsa, kuseri kwa mtsinje, m'zigwa ndi m'mapiri, utsi unali njo, njo, njo, uliwonse m'munda mwa mwini wake, masana dzuwa likuswa mtengo.

"Anthu awa sanamve chilango?" anafunsa msilikali.

"Amva bwino lomwe."

"Nanga tikawaika kuti? Ndende yathu ndi ya anthu makumi anayi." Anakanda m'mutu, anayang'ana kwa dalaivala, kenaka anatsitsa mawu. "Mayi, kwathu ndili ndi mitengo isanu ndi iwiri. Munati mkono wathunthu?"

"Wathunthu. Kuyambira pa chigongono. Ndipo mpeni uzimwa pa mtengo uliwonse, osati iwe."

Msewu unakhota, phiri la Chifunga n'kutulukira. Dorika anagwira chitsulo cha lole n'kuimirira. Munda wake unali mbuu ndi maluwa, ndipo pakati pake panali mpata, ngati gweru m'kamwa mwa munthu woseka. Anawerenga ndi chala monga ankachitira m'mawa uliwonse. Inakwana makumi atatu. Anayambiranso kuti atsimikize, inakwanabe. Koma chala chinali ndi chizolowezi chake cha zaka zambiri: chinapitirira chokha mpaka pa chitsa, n'kuwerenga umodzi.